Amalume Anandisandutsa Mbasela

Foni ya amalume inali yakuda, yong'aluka pakona, yomangidwa ndi mphira. Ndi foni imeneyo imene amalumewo, mlongo wawo weniweni wa amayi, anandichotsera sukulu. Mpaka lero amati kunali kucheza chabe.

Ine ndinabadwa wachibwibwi. Chaka chimenecho ndinali Giredi 6, ndipo aphunzitsi a Sande sukulu anandipatsa vesi loti ndikanene pa Khirisimasi. Mvula inali itayamba, komboni yathu ya Kapata yonse ikununkha matope ndi mango owola. Ndinavala malaya oyera obwereka, kolala ikundikanda m'khosi. Mawu oyamba anatuluka bwinobwino, kenako lilime linakana. "Ndi-ndi-ndi-ndi..." Maso anatsinzina okha, phazi likumenya pansi. Mpingo unadikira mwaulemu, amayi ena n'kunena "ameni" kuti andipulumutse. Zikanathera pomwepo. Koma amalume anali pa benchi yakutsogolo, foni ili m'mwamba.

Iwo anali ndi kantemba, kasitolo kakang'ono, pamsika, momwe ankaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi. Aliyense wobwera ankamuikira kanema wanga ngati mbasela, monga mayi wogulitsa tomato amawonjezera mmodzi pamwamba. Wina anadula mawuwo n'kuika ng'oma pansi pake. Pofika Januwale, foni ikalira m'minibasi, wolirayo ndinali ine. Anyamata a njinga ankayimba ndikamadutsa. Mnansi wathu anabwera kuchokera kumalire ku Mwami akuseka, akuti madalaivala a malole ali naye kanemayo, ndawoloka kupita ku Malawi wopanda pasipoti.

Kusukulu aphunzitsi akangotchula dzina langa, kalasi yonse inkayankha: "Ndi-ndi-ndi!" Aphunzitsiwo ankati "Chete!" koma ndinkawaona masaya akunjenjemera pobisa kuseka. Tsiku lina ndinamenya mnzanga mpaka dzino linagwa pa simenti. Aphunzitsi anati ndikabwere ndi kholo. Sindinabwerere. Lero anthu amati mtima wanga ndi wapachala, ngati ndinabadwa nawo.

Amayi anandigwira pamkono mpaka ku kantemba. "Achimwene, mwana uyu ndi magazi anu. Fufutani kanemayo." Amalume anaseka. "Aa, nkhani yake ndi yomweyi? Bwera, fufuta wekha." Ndinadina ndi chala changa, kanemayo n'kuzimiririka. Amayi anandikankha pamsana, ine n'kugwada pa matope apamsika kunena zikomo. Pobwerera ndinkadumpha zithaphwi. Ndinkayesa kanema ali ngati chithunzi chapapepala, kuti ukang'amba chatha. Sindinkadziwa kuti ali kale m'matumba a anthu amene sindidzawaona. Amalume ankadziwa. Chimene chimandiwotcha mpaka pano n'chimenecho: ankadziwa, ndipo anandisiya ndigwade.

Kantemba kaja kanatsekedwa kalekale, anthu amatsitsa okha nyimbo masiku ano. Koma kanemayo sanafe. Ndimanyamula anthu pa njinga yamoto, ndipo nthawi zina wokwera kumbuyo kwanga amamuonera akuseka, osadziwa kuti wagwira chiuno cha mwini wake.

Mwezi watha kunali ukwati wa mwana wa amalume ku Chiparamba. Ndinapita chifukwa cha amayi. Titadya, amalume anandikokera kwa anzawo. "Uyu ndi ujeni uja! Ndinamutchukitsa ndine, ena onsewa a pa intaneti asanayambe." Anatulutsa foni yatsopano, yaikulu ngati mbale. "Tanena kaja, mphwanga, tiseke."

Manja anga anafunga okha zibakera. Ndinaona amayi ataima patali, atagwira pakamwa, ndipo ndinawabisa manjawo kumbuyo.

"Ya-yatsani, amalume. Gwirani bwino, isagwedezeke. Mu-munandipereka mbasela, ine mwana wa mlongo wanu, ndipo ndinakugwadirani. Ndimachedwa kulankhula, inde, koma lero mudikira mpaka ndimalize. Si-si-sindinu amalume anga. Kanema ameneyunso mutumizeni ku Mwami."