Chifuwa cha a Dobson

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinayamba kudana ndi nyumba ya a Dobson. Nthawi imeneyo tinkakhala mumzinda wa Newcastle, kudziko la azungu, ndipo amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Sukulu ikatsekera, posowa wondisiyira, ankanditenga n'kukandikhazika kukhitchini ndi buku langa.

A Dobson anali nkhalamba imene inathera unyamata wake wonse mumgodi wa malasha. Migodiyo inali itatsekedwa kalekale, koma fumbi lake linali likadali m'mapapo mwawo. Ankapuma ndi thandizo la botolo la mpweya, ndipo pambali pa mpando wawo pankakhala kapu ya pulasitiki yolavuliramo. Akayamba kutsokomola, ndinkamva ndili kukhitchini komweko, ngati munthu akukoka thumba la miyala pasimenti. Kenako amayi ankadutsa ndi kapu ija kupita nayo kuchimbudzi. Tsiku lina ndinasuzumiramo. Munali makhololo olimba, otuwa, okhala ndi timizere takuda. Masana amenewo ndinalephera kudya.

"Amayi, bwanji osapeza ntchito ina?" ndinafunsa tili m'basi.

"Khala chete, Tadala. Munthu uja ndi kholo la wina," anatero amayi, osandiyang'ana n'komwe.

Winayo anali mwana wamkazi wa a Dobson, Karen, amene ankabwera mwa apo ndi apo pa galimoto yonyezimira, n'kuima pakhomo pa chipinda atapinda manja. Tsiku lina kutawala dzuwa iye anaganiza zopita ndi bambo ake kunyanja ku Blyth, kumene anali atagula nyumba. Amayi anapita kuti akakankhe njinga ya odwala, ine n'kutsatira.

Kumeneko n'kumene ndinaona koyamba makina opanga magetsi ndi mphepo ataimikidwa m'madzi. Analipo awiri, oyera, ataliatali, mapiko awo akuzungulira mosafulumira. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Mphepo inkandimenya kumaso, yozizira, yamchere, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire ndi a Dobson sindinamve fungo la mankhwala ndi thukuta.

"Taonani zonyansazi," anatero Karen. "Aipitsa nyanja yonse. Munthu ukatsegula katani m'mawa, n'kumaona zimenezi? Akuti akufuna kuwonjezera ena. Tikana ndithu."

A Dobson anafuna kuyankha, koma chifuwa chinawatsekereza. Anatsokomola mpaka nkhope inachita bii, misozi ili chuchuchu. Amayi anagwada kukonza paipi ya mpweya imene inali itapotoka, manja onse awiri ali otanganidwa. Kapu inali m'chikwama chopachikidwa kumbuyo kwa njinga, pafupi penipeni ndi dzanja la Karen. Iye anabwerera m'mbuyo, akukwinya mphuno, n'kukokera chikhotho chake pambali kuti chisadonthokeredwe.

"Grace, chitanipo kanthu, anthu akutiyang'ana," anauza amayi.

"Tadala, kapu!" anakuwa amayi m'Chichewa.

Ndinaitulutsa n'kuigwira pansi pa chibwano cha nkhalambayo. Ndinamva kutentha kwa makhololo kudzera m'pulasitiki, ena anandigwera pachala. Chimene chinandinyansa koposa pa nthawiyo chinali nkhope ya Karen, amene ankayang'ana bambo ake omubereka ndi maso omwe aja anayang'anira makina a m'nyanja.

Mpweya utabwerera, a Dobson anakhala kanthawi akupuma mwawefuwefu. Kenako anadziguguda pachifuwa ndi chala.

"Magetsi onse amene unakulira nawo iwe anachokera muno," anauza mwana wawo, mawu ali osasa. "Mgodi ndinkaukonda, ndipo atautseka ndinalira. Koma anzanga amene ndinkatsika nawo pansi, onse anapita akutsokomola chonchi." Analoza kunyanja. "Awo akuyatsa ketulo yako popanda mwana wa munthu kulowa m'dzenje. Asiye azizungulira."

Karen anangoti kwayamba kuzizira, tibwerere ku galimoto. Amayi anandipukuta chala ndi kansalu konyowa, n'kundifinya dzanja pang'ono. Ulendo wonse wobwerera botolo la mpweya linkalira tsiii kumpando wakumbuyo.

A Dobson anamwalira m'nyengo yachisanu ya chaka chomwecho. Amayi anapita kumaliro atavala chitenje chakuda pamwamba pa diresi, ndipo atabwerako anandiuza kuti m'tchalitchi munali okalamba angapo okhala ndi mabotolo awoawo a mpweya.

Lero ndine wamkulu, ndipo makina otere achuluka m'nyanja ya kuno. Kukakhala msonkhano wa anthu a m'dera wokambirana zoonjezera ena, ndimapita n'kuimirira kumbali yovomereza. Nthawi zonse pamapezeka wina wovala bwino wodandaula kuti akumuwonongera maonekedwe a nyanja. Ndinazindikira kuti palibe magetsi aulere, pali amene amawalipira ndi thupi lake, kungoti wolipirayo amabisidwa m'chipinda chakumbuyo kumene alendo safika. Makina amphepo amaima poyera, aliyense n'kuwaona, n'chifukwa chake amanyozedwa. Ine ndinasankha kale: bola chinthu chindipweteke m'maso kusiyana n'kuti chidye mapapo a bambo wa mnzanga.