Chinsinsi Chimene Amayi Anandisungitsa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 6, kwathu ku Nazombe, nandolo atayamba kuuma m'minda. Tsiku lina amayi anandiitanira kuseri kwa bafa n'kundipatsa kabeseni kovundikira ndi chitenje chakutha.

"Esinati, ukachape izi kumtsinje, osati pamjigo. Ndipo usauze munthu."

M'kabesenimo munali nsanza zamagazi, za fungo limene ndinali ndisanalimvepo. Kwathu mwana sachapa zotere za mayi ake. Kuti afike pondipatsa ine, ndiye kuti msana unali utawakanika kuwerama. Bambo ankatha milungu ali kunyanja ya Chilwa kogula matemba, choncho pakhomo wamkulu ndinali ine. Ndinkachapa, n'kuyanika patchire pobisika, ndipo kunena zoona ndinkanyada kuti amayi andikhulupirira.

Lamulungu lina mlangizi wa zaumoyo analengeza kutchalitchi kuti Lachinayi kuchipatala chathu chaching'ono kubwera anamwino odzayeza khansa ya khomo la chiberekero, kwaulere. Tsikulo m'mamawa anatulukira mayi aakulu, a Fanesi, buku lawo la kuchipatala lili m'manja.

"Make Esinati, tiye tikayezetse."

"Pitani, achemwali, ine ndili bwino," anatero amayi. "Ndikavule pamaso pa ana obadwa dzulo? Komanso akuti chitsulo chawocho chimakoka chiberekero."

"Mabodza a pamjigo amenewo," anayankha a Fanesi. Kenaka anacheukira kwa ine. "Iwe, mayi akowa sakudwala? Taona mmene awondera."

Amayi anangondiyang'ana. Ine ndinazolika n'kunena kuti, "Ali bwino. Ndi ntchito ya kumunda basi." A Fanesi anapita okha.

Mvula itagwa, amayi anakomoka tikupalira chimanga. Bambo anawakweza panjinga, atawamangirira ndi chitenje kumsana kwawo kuti asagwe. Kuchipatala chaching'ono anawatumiza kuboma, akuboma anawatumiza ku Blantyre. Patapita milungu itatu anabwerako ndi botolo la mankhwala oletsa ululu basi. Madokotala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira kale.

A Fanesi, amene ankawadikirira kuchipatalako, anandipeza ndikutsuka mbale. Anakhala pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Adokotala atafunsa kuti magazi anayamba liti, mayi ako anati chaka chatha. Chaka chathunthu, ife osadziwa!"

Pamenepo ndinaulula zonse, za kabeseni ndi za bodza langa lija. Ndinkayembekezera khofi. Iwo anangondikokera pachifuwa pawo, malaya awo akununkha mankhwala a kuchipatala, ndipo tinalira tonse.

Amayi anakhala nafe miyezi inayi. Masiku otsiriza sankathanso kumeza ngakhale phala la mpunga. Masana ena ndikuwapukuta kumaso anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndinakusenzetsa katundu wa akuluakulu. Undikhululukire." Tinawaika m'manda anthu atangomaliza kukolola.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene amayi analiri pomwalira. Sindidziwa ngati Lachinayi lija likanawapulumutsa, mwina zinali zitachedwa kale. Funso limenelo ndidzafa nalo. Sindiwaimbanso mlandu, chifukwa nditapita koyamba kukayezetsa, inenso ndinatsala pang'ono kubwerera pakhomo la chipindacho. Namwino anandiyeza mphindi zochepa chabe, mosapweteka n'komwe. Potuluka ndinakhala pabenchi n'kuyamba kulira, amayi ena n'kumaganiza kuti andipeza nayo khansa. Ndinkalira kuti manyazi amene anatilanda amayi ndi aafupi chonchi.

Anatilera kuti mwana wabwino ndi womvera, ndipo ine ndinamvera. Tsopano ndikudziwa kuti pali kumvera kwina kumene kumasiya mwana wamasiye. N'chifukwa chake mwana wanga wamkazi atatha msinkhu, pa malangizo onse ndinawonjezerapo limodzi. Ndinamuuza kuti, "Tsiku limene ndidzadwale n'kukuuza kuti usauze munthu, usadzandimvere. Udzathamange kukaitana anthu."