Ndinaimitsa Nyimbo Mkwatibwi Ali Pakati pa Holo

Chaka chimene fodya anatigwiritsa fuwa la moto, ndinauza mkazi wanga kuti ndikupita ku Amereka. Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali akadali kupulayimale. Sanalire. Anangofunsa ngati akodiyoni, choimbira changa chokoka ndi kukankha, ndimusiya. Akodiyoniyo ndinamutenga, poti ndi amene ankandidyetsa m'maukwati a ku Dedza.

Ku Manassas msuweni wanga anandipezera ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina ndikuwaimbira, anandimva Fiona, mwana wa gogo wina. Iyeyo ankaliza vayolini m'gulu loimbira magule a ku Scotland m'maukwati, ndipo ananditenga.

Gule wake ngwamalamulo. Anthu amaima m'mizere awiriawiri, amuna ena atavala masiketi, wina n'kuyamba wawafotokozera kaponyedwe ka mapazi. Nyimbo imazungulira mochita kuwerenga, ikakwana mumaitseka ndi liwu limodzi lalitali, ovina n'kuweramirana. "Usamayang'ane nkhope, Gift, uziyang'ana mapazi," ankatero Fiona. "Ikatha, yatha."

Ndinaphunzira. Loweruka lino ku Arlington, linalo ku Upper Marlboro. M'holo aliyense ankapeza womugwira dzanja, ngakhale agogo oyendera ndodo, ine ndili pakona kukoka ndi kukankha. Pobwerera ndinkamukhazika akodiyoni pampando wakutsogolo n'kumumanga lamba ngati munthu. Ndinkasungulumwa, ndisaname. Ndalama ndinkatumiza, koma pafoni Tadala anayamba kundiyankha ngati ndine ahedi: "Ndili bwino, kaya inu." Kusukulu akaitana makolo ankapita alamu anga, amalume ake.

Tadala atandiuza za ukwati wake, ndinapempha chinthu chimodzi: polowa akwati m'holo, woika nyimbo azimitse makina, ndiimbe ineyo. Ndinkafuna mwanayu adziwe kuti bambo ake alipo. Iye anangoti, "Chabwino, adadi."

Ndinabwerera kwathu, ndipo tsikulo holo inadzaza. Akwati anayamba kulowa monga timachitira kwathu, pang'onopang'ono, kupita kutsogolo, kubwerera, kutembenuka, palibe wothamanga. Ine maso pamapazi. Nyimbo itakwana, manja anga anachita zimene anazolowera. Ndinakoka liwu lalitali lija n'kutseka. Holo yonse zii. Tadala anali pakati penipeni, phazi lili m'mwamba, akundiyang'ana. Palibe anawerama.

"Achimwene, mafuta atha?" wina anakuwa kumbuyo, anthu n'kufa nacho chiseko. Ndinafuna pansi patseguke.

Alamu anga aja anaomba m'manja n'kuyambitsa nyimbo pakamwa. Azimayi anailandira, nthungululu zinalira, akwati n'kupitiriza ulendo. Ndinali nditaiwala kuti kwathu nyimbo siitha anthu asanafike kumene akupita. Ndinaonanso, ndipo zinandipweteka, kuti abale anga anazolowera kale kuyenda ine kulibe.

Ndinanyamuka kuti ndituluke mwakachetechete, akodiyoni ali pachifuwa. Ndisanafike pakhomo, Tadala anasiya mwamuna wake pamzere, ananyamula diresi n'kundilondola.

"Mukupitanso, adadi?"

Analoza akodiyoni.

"Vulani chinthuchi. Mwaimbira anthu mokwanira."

Anamasula yekha malamba, anapereka akodiyoni kwa amalume ake, n'kundigwira dzanja. Zaka zonse zija za maukwati a eni, palibe anandiitanapo kuti tivine. Mapazi anga anali ataiwala, ndinkangoponda diresi lake. Mwana wanga sanathamange, anandidikira.