Mkaka Sutsuka Mapapo

Lolemba lapitali ndinaperekeza amalume anga, a Jailosi, ku kiliniki. Anatuluka m'nyumba atavala jekete ya kutchalitchi, nsapato zopolisha, m'manja atanyamula sutikesi. Kiliniki yake ndi yapafupi, timapita wapansi.

"Amalume, nanga sutikesiyi?"

"Iwe tiye," anatero.

Ndiyambe poyambira. Amalume anakumba malasha pansi pa mgodi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi, ndipo tsopano akupuma ku Madumabisa, komboni ya kuno ku Hwange. Akhala akutsokomola kuyambira nthawi yozizira. Thupi latha, lamba anamubowola kale mabowo awiri atsopano. Mankhwala awo ndi amodzi basi: mkaka. Kapu m'mawa, kapu madzulo.

Nonse mukudziwa kuti chaka chino m'masitolo mwatsala mashelefu okha. Koma akazi a amalume, aNachisale, mkaka amaupeza. Amayenda wapansi, dzuwa la Hwange likuswa mtengo, mpaka kwa mayi wina woweta mbuzi kuseri kwa njanji.

Ndani kuno sanamvepo kuti mkaka umatsuka fumbi la malasha m'chifuwa? Ku komboni ya Lwendulu amatero, ku ya Empumalanga amatero. Inenso ndinakula nazo. Nzeru yake ndi yosavuta: fumbi ndi lakuda, mkaka ndi woyera, ndiye mukufunanso umboni wanji?

Vuto ndi limodzi lokha. Kukhosi kuli njira ziwiri. Fumbi limatsagana ndi mpweya kupita m'mapapo, mkaka umatsikira m'mimba. Awiriwa sakumana. Tsiku limene mkaka udzalowe m'mapapo, dziwani kuti mwatsamwa.

Zimenezi ndinawafotokozera amalume, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo.

"Aikona," anatero. "Ife mkaka tinayamba kumwa iwe usanabadwe. Tilipo."

"Nanga anzanu a kumgodi aja, a Sandifolo, ali kuti? A Dausi?"

"Aja sankamwa wokwanira."

Milungu itatu ndinawanyengerera, osatheka. Ndinkati ndi liuma la ukalamba, ndipo ndivomere, ndinawapsera mtima. Amene anawagonjetsa ndi aNachisale. Anapeza magazi pakansalu kopukutira kukamwa, nakayala kansaluko patebulo, pambali pa kapu ya mkaka.

Ndiye tinafika ku kiliniki kuja. Namwino, mtsikana wa Chindebele, anayang'ana sutikesi, nayang'ana amalume.

"Liya ngaphi, khulu?" Ankafunsa kuti agogo ulendowu ndi wa kuti.

Amalume anavula chipewa. "Mwana wanga, mukandipeza nacho chifuwa, sitima yake ndi ya liti?"

Namwino sanamvetse. Inenso ayi. Anachita kutifotokozera pang'onopang'ono, ngati ana. Masiku awo, munthu akamujambula pachifuwa n'kupezeka kuti mapapo awonongeka, ankamukweza sitima kubwerera ku Nyasalande. Anzawo angapo anawaperekeza pasiteshoni, ndipo palibe amene analembako kalata. Amalumewo anachoka ku Dedza alibe ndevu. Kumeneko wowadziwa kulibe. Manda a ana awo awiri ali konkuno.

Ndinachita manyazi. Milungu itatu yonse ndinkaphunzitsa munthu za kukhosi, pomwe iye ankaopa kukafera kwa alendo. Za njira ziwiri zija mwina ankazidziwa bwino kuposa ine. Mkaka ubwino wake unali woti suthamangitsa munthu pakhomo.

Namwino anawapatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, nawauza kuti abwerenso Lachinayi. Lachinayi anabweradi, ndi sutikesi yomwe ija. Zotsatira zinati ndi chifuwa chachikulu, TB. Mapilitsi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, osadumphitsa. Fumbi lakale lija silidzachoka, anatero namwino, koma chifuwa chachikulu chimachira. ANachisale nawonso akayezedwe.

"Mkakawo pitirizani, khulu, ndi chakudya chabwino. Koma sitima kulibe. Mapilitsiwa mukamwera kunyumba kwanu."

"Ku Madumabisa?"

"Yebo, komweko."

Amalume anavala chipewa chawo. Pobwerera sutikesi ndinanyamula ine, ndipo inali yolemera. Munali Baibulo, bulangeti, ndi chithunzi cha ana aja.

Akuluakulu amati mwana wa kaya sachira. N'zoona. Munthu akatsokomola milungu iwiri, itatu, akayezetse makhololo, kaya anakumbapo malasha kaya amangowapuma pawindo ngati tonsefe. Koma nafenso ophunzira timathamangira kuyankha funso limene sitinafunsidwe. Wodwala akakana chipatala timati umbuli, n'kukweza mawu, ngati kuti mantha amachoka ndi phokoso.

M'makomboni muno madala otsokomola alipo ambiri, aliyense ndi kapu yake ya mkaka. Wina ndi bambo anu, wina mumakhala naye benchi imodzi Lamulungu. Musanayambe kumujambulira mapapo pansi ndi kamtengo, mwamufunsapo chimene akuopa? Mwasuzumirapo pansi pa bedi lake, kuona ngati walongeza kale?