Mapilisi Anayi a Yohane

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anandisungitsa mapilisi a mlongo wanga Yohane. Zaka zanga sindikuzidziwa bwino, koma ndinali nditafika posenza ndowa yodzadza kuchokera kunyanja osataya madzi. Yohane anali ndi zaka zitatu. Bambo anali ku Joni, ndiye pakhomo tinalipo atatu basi.

Masiku amenewo chipatala chinkatipeza chokha, kamodzi pamwezi, pagalimoto yoyera. Inkaima pansi pa mtengo wa mango wa patchalitchi, adokotala n'kupachika sikelo panthambi, n'kutsegula bokosi lawo lachitsulo. Dzuwa likangopendeka ankalongedza, kuopa kuti mtsinje ungawatsekere njira. Wodwala tsiku limenelo anali wamwayi. Wodwala mawa lake ankadikira mwezi wathunthu, apo ayi ayende tsiku lonse kukafika kumsewu wa ku Khombedza.

Yohane anadwala mwamwayi, ngati tingatero. Chibayo chinamugwira galimoto ili pafupi kubwera. Adokotala anamumvera pachifuwa, n'kuwerengera amayi mapilisi khumi m'dzanja.

"Mayi, limodzi m'mawa, limodzi madzulo, masiku asanu. Akadzuka n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku, musanyengeke. Amalize onse."

Amayi anati, "Inde, bambo," n'kumanga mapilisiwo kumsonga kwa chitenje. Kumbuyo kwawo mzere unali wautali, ana akulira uku ndi uku, ndipo sindikudziwa ngati mawu omalizawo anawalowa bwino.

Inali nyengo yowokera mpunga. Amayi ankalawirira kudambo n'kubwerako miyendo itatuwa ndi matope, msana osawongoka. Ndiye ntchito ya mapilisi inagwera ine. Ndinkaphwanya pilisi pasupuni, kuthira timadzi, kumupana Yohane pakati pa miyendo n'kumugwira mphuno. Kuwawa kwake! Tsiku lina anandiluma chala mpaka magazi. Koma patangotha masiku awiri, thupi linazizira, mwana n'kudzuka, n'kuyambadi kuthamangitsa nkhuku monga ananenera adokotala.

Tsono muyenera kudziwa mmene tinkakhalira. Machesi ankasowa, ndiye moto tinkapalana. Mchere tinkapemphana, singano, ufa wa tsiku limodzi, ngakhale lichero. Mwana wobisa chinthu mnzake akupempha ankalawa mkwapulo. Amayi ankakonda kunena kuti kupatsa n'kuika, ndipo sankangonena pakamwa. Chaka cha njala tinapulumukira chinangwa cha aNankhoma, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu.

Tsiku lachitatu m'mawa, aNankhoma omwewo anafika ali ndi khanda lawo Lusiya kumbuyo.

"Odi kuno! Amako ali kudambo?"

"Eya, alawirira."

"Ha, taonani mwamuna wanga Yohane! Dzana lomweli unali kwala, lero ukuvutitsa nkhuku za eni?"

Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anakhala pakhonde n'kumasula mwana.

"Iwe Esinati, tabwera umve apa."

Ndinaika khutu pachifuwa cha Lusiya. Munkalira ngati muli kamphaka. Thupi linali moto.

"Galimoto ija yatisiya ndi tsiku limodzi lokha," anatero. "Kodi sikunatsaleko timapilisi?"

Anapempha monga mmene ankapemphera mchere, maso ali pansi, ndipo ine ndinapereka monga mmene ndinkaperekera mchere. Anatsala asanu ndi limodzi. Ndinasunga awiri a tsiku limenelo, anayi n'kuwaika m'manja mwawo, ine nditagwada. Mumtima ndinkati lero ndachita zachikulu.

Amayi atabwera ndinawauza ndikunyadira. Anapitiriza kutsuka miyendo, akuyang'ana Yohane amene ankasewera ndi chigoba cha nkhono.

"Nanga ukanatani, mwanawe?" anatero. "Munthu wafika pakhomo."

Kenako mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi m'mawa Yohane anakana phala. Mphuno zinkatukuka, nthiti zikulowa m'kati ngati wina akuzikoka ndi chingwe. Chibayo chija chinabwerera, ndipo ulendo uno chinabwera chitakwiya.

Amayi anamubereka, ine n'kusenza kamtolo ka zofunda ndi ufa. Njira inali itasanduka dambo. Malo ena madzi ankandifika m'chiuno, misundu n'kumamatira kumiyendo, nthawi yoyichotsa panalibe. Pamtsinje tinapeza a Saidi, msodzi wachisilamu amene nyengo yamvula ankawolotsa anthu pabwato lake. Anatiwolotsa. Kuchoka apo tinayenda, tinayenda, kupuma kwa Yohane kukumveka kumsana kwa amayi ngati munthu akucheka thabwa. Tinafika pakachipatala ka kumsewu dzuwa litapendeka.

Tinapeza adokotala omwe aja, ali okha, anthu atadzaza pakhonde. Maso awo anali ofiira ndi kutopa. Anamuzindikira Yohane.

"Mapilisi aja anamaliza?"

"Anamaliza," anatero amayi msangamsanga.

Ine pakamwa panangotseguka pokha. "Anayi ndinapatsa aNankhoma. Mwana wawonso amadwala."

Ndinadikira mbama, koma siinabwere. Adokotala anangopukuta nkhope ndi manja onse awiri, n'kupuma mozama.

"Mwana iwe, mankhwala si mchere," anatero motsitsa mawu. "Mchere ukagawa, ndiwo za nyumba ziwiri zikomako. Awa ukagawa, matenda umangowagoneka, ndipo akadzuka amadzuka ndi mphamvu." Anayang'ana amayi. "Ndikanakhala nawo ambiri, bwenzi ndikusiyako ena m'mudzi. Koma bokosi ndi lomwe lija munaliona."

Anamubaya jekeseni. Anamubayanso ina. Mawa lake dzuwa litakwera pang'ono, kupuma kwa macheka kuja kunaleka.

Galimoto yoyera inali itapita kumidzi ina, ndipo ngakhale ikanakhalapo, kwathu siikanafika. Amayi anamusambitsa kumaso Yohane, n'kumubereka bwinobwino ngati wamoyo, n'kumufunditsa nsalu kumutu.

"Usalire," anandiuza. "Bwato la nsomba silinyamula maliro. Ukalira, tigona kutsidya kuno. Udzalira kwathu."

Ndayendapo maulendo ambiri pamoyo wanga, koma wautali ngati umenewo sindinauone. Ndinkayenda kumbuyo, maso ali patimapazi take tikulendewera, misozi ndikumeza. Pamtsinje a Saidi anayang'ana mapazi omwewo nthawi yaitali.

"Wagona mwana?"

"Wagona," anatero amayi.

A Saidi sanafunsenso. Ananong'ona mawu a pemphero lakwawo, n'kugwira bwato kuti lisagwedezeke pamene amayi ankakwera. Anapalasa pang'onopang'ono, osayang'ananso kumbuyo.

Amayi anayamba kulira titangoona madenga a kwathu. Woyamba kutithamangira anali aNankhoma, Lusiya ali kumbuyo, maso ali gwa, akuyamwa chala.

Lusiya alipo mpaka lero. Ali ndi zidzukulu, amagulitsa usipa ku Lifuwu, ndipo tikakumana amandipatsa moni wa maondo n'kundininkha kansomba. Nkhaniyi sakuidziwa. Kaya ndi mapilisi anayi aja anamuchiritsa, kaya akanachira yekha, kaya Yohane akanamwa onse akanakhalapo, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Amayi mpaka kumwalira kwawo sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo moto ankapalanabe ndi aNankhoma.

Lero zinthu akuti zinasintha. Tili ndi alangizi a zaumoyo m'mudzi momwe muno, mayi wolimbikira ndithu, koma miyezi ina bokosi lawo mumangokhala mapepala. Njinga ya ambulansi inathyoka gudumu, ikuchita dzimbiri kuseri kwa tchalitchi. Anyamata a kabaza mvula ikagwa amati matope awaonongera njinga. Ndiye anthu amabwerabe pakhomo panga, maso ali pansi, kudzafunsa ngati sikunatsaleko timapilisi ta mdzukulu wanga.

Ndimakana. Ena amachoka akung'ung'udza kuti gogo uyu ndi womana, ndipo zimandipweteka, chifukwa ndikudziwa kuti wopemphayo sanalakwe. Mwana akamapuma ngati macheka, chipatala chili kutali, mayi aliyense angagogode pakhomo la mnzake. Zaka zambiri ndinkaganiza kuti cholakwa chinali m'manja mwanga muja. Tsopano ndikuona kuti kamtsikana kosadziwa kanthu kanasiyidwa kuti kagawe mankhwala a mwana mmodzi pakati pa ana awiri, ntchito imene ngakhale adokotala akanailephera.

Choncho ndikakana mapilisi, sindimusiya munthu abwerere yekha. Ndimamanga chitenje, kutenga ndodo yanga, n'kumuuza kuti, "Bereka mwanayo, tiye kumsewu." Maondo anatha, ndimapuma kawirikawiri panjira, ndipo nthawi zina wodwazikayo ndi amene amandidikira. Koma timapita.