Zikhadabo za Amayi

Nditamanga nyumba yanga ku Machinjiri, chipinda chimodzi ndinasungira amayi. Ndinaikamo bedi, matiresi atsopano ndi wailesi yakanema yawoyawo. Bambo atamwalira, amayi anagonamo miyezi itatu yokha, kenako anabwerera ku Phalula, kumene bambo anapumira ntchito yauphunzitsi. Si kwathu kumeneko, wachibale kulibe ndi mmodzi yemwe. Koma akuti mpanda wanga ndi wautali, munthu sadziwa amene akudutsa pamsewu.

Chaka chatha anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ulendo uno sabwereranso. Ndinatenga tchuthi kuntchito, ndinawaphera nkhuku yachikuda. Koma kafoni kawo kamabatani sikankapuma. Uyu akufunsa makiyi a kutchalitchi, uyu akuti mbuzi yaswa, wina wangoimba kuti amve ngati adzuka bwino. Amayi ankaseka mpaka kutsokomola, ine ndili chete pambali ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe. Nsanje inandigwira, sindibisa. Kunotu neba wanga ndimangomudziwira galimoto basi.

Amene ankaimba kwambiri anali mayi wina wogulitsa tomato, woyandikana nawo nyumba, wamsinkhu wanga. Sindinamuonepo, koma ndinadana naye ndithu. Amayi ankamuyankha kuti "mwananga", mawu amene ine ndinawamva komaliza ndili kusekondale.

Loweruka m'mawa ndinatenthetsa madzi, n'kutulutsa beseni pakhonde ndi kachowengera zikhadabo katsopano kamene ndinagula mumsika wa Ndirande.

"Bweretsani mapazi, amayi, ndikuwengeni zikhadabo."

Anabweza mapazi awo m'chitenje. "Zisiye. Amandiwenga uja wa tomato, tikaweruka kumsonkhano wa amayi Lachinayi. Amadziwa chala chimene chimandipweteka."

"Nanga ine sindingachidziwe?"

"Ungachidziwe bwinobwino, iwe ndiwe wasukulu. Koma ndikafika nditawenga kale, mnzako uja adzabwera kudzatani?"

Apa m'pamene ndinadziwa kuti chikwama chawo anali atalongedza kale mumtima, ine ndimangodzivutitsa ndi nkhuku zanga. Madzi aja anazizirira m'beseni momwemo, ndinakathirira maluwa.

Lolemba ndinawaperekeza pa Kameza kukakwera minibasi. Tikudikira kuti idzaze, ndinalowetsa kachowengera kaja m'chikwama chawo.

"Mukamupatse. Asiye za lezala, angadzakuchekeni."

"Akasangalala," anatero amayi, osamva n'komwe mmene mawu anga anawumira.

Asanakhazikike bwino pampando, kafoni kaja kanalira. Zenera linali lotsegula, ndinamva zonse.

"Ndanyamuka, mwananga. Ndikubwera kunyumba."

Minibasi inatenga msewu wa ku Lunzu, ine ndinabwerera kuseri kwa mpanda wanga. Chipinda chija ndimasesabe Loweruka lililonse.