Chipewa cha Chitini

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaonera kanema koyamba. Kunali ku Sinda, m'kanyumba ka udzu kuseri kwa msika. Anaonetsa asilikali omenyana kunyenyezi. Anavala chitsulo choyera mbee kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope osaoneka. Moto wa mfuti unkangonjanja pachifuwa. Chingerezi sindinamve, koma zovalazo ndinapita nazo kumudzi m'mutu.

Ine ndi msuweni wanga Yobe tinatola zitini za mafuta ophikira ndi chidutswa cha lata. Tinadula, n'kuwongola ndi mwala. Chitini chachikulu chinakhala chipewa, tinachiboola kampata koonera. Zonse tinapaka phulusa kuti ziyere. Luzi tinalikana, linkaoneka lachimudzi. Yobe anandimanga ndi waya, n'kumupotokolera kumsana kuti mfundo zisaoneke kutsogolo. Chipewa anachilumikiza ndi lata la kumsanalo.

Adani athu anali njuchi za mumphako ya mtengo wa mpundu, kumapeto kwa munda wa thonje wa amalume.

"Mbola ilowera pati?" anatero Yobe. "Iwe ndiwe chitsulo chokhachokha, ngakhale Mulungu sangakuzindikire."

Anali masana a mu Okutobala. Lata linatentha. Mapazi anga sindinkawaona. Ndinafika pamtengo n'kulowetsa ndodo mumphako. Njuchi zinagunda chitini ngati matalala, ine ndikuseka. Kenako zinapeza khosi. Zinapezanso m'khwapa. Zinadzaza m'chipewa, m'makutu, m'mphuno. Ndinakoka chipewa, waya anakana. Ndinathamanga osaona, n'kugwa chagada, ndipo lata silinandilole kupinda msana kuti ndidzuke.

Yobe anathamangira amalume, amene ankasosa m'mundamo. Anabwera ndi muuni wa udzu, atafunda thumba. Waya anamumasula ndi zala. Ndinkamva akupumira m'mwamba, njuchi zikuwaluma, zala zikuchucha magazi pakhosi panga. Anandikweza panjinga kupita kuchipatala, mmero utatupa moti mpweya unkalira ngati wenzulo. Ndinachira, koma diso lamanzere limaona utsi mpaka lero.

Amalume sanandimenye. Nditabwerako anaika chipewa chija pansi pakati pathu, nachitembenuza ndi phazi.

"Unavala wekha?"

"Ayi, amalume. Anandimanga Yobe."

"Nanga wokuvula anali ndani?"

Ndinayang'ana zala zawo zochekedwa ndi waya.

"Munatseka pamene pamaoneka," anatero. "Njuchi sizinabwere kudzakuonera."

Anatola khasu n'kupita.

Tsopano ndimalima thonje ku Vubwi. Popopera mankhwala ndimavala ovolosi yakale, magambuti ndi nsalu kukamwa. Anyamata amaseka kuti ndimaoneka ngati choopsezera mbalame. Aseke. Mabatani onse ali kutsogolo, pamene dzanja langa limafika.

Ana anga amaonera nkhondo za kunyenyezi pafoni. Amatama kung'anima kwa zitsulo ndi mapewa aakulu. Sindiwaletsa. Ine ndimayang'ana pakhosi, m'khwapa ndi kuseri kwa bondo. Amene anajambula zovalazo ankafuna zooneka bwino, ndipo anakhoza. Koma sanagwepo nazo pansi. M'kati mwa chitsulocho muli mwana wa munthu, akutuluka thukuta, akuonera pakampata. Akagwa, ndimasiya kuonera nkhondo. Ndimayang'ana ngati pali wina amene akubwerera kudzamumasula.